ZA M'MAIKO AKUTALI: Oimbira Akufa m'Manda Akale a ku China

Cakumapeto kwa caka ca 1977 asilikali a dziko la China anali kusalaza kaphiri kochedwa Leigudun, pafupi ndi mzinda wa Suizhou m'cigawo ca Hubei, kuti amangepo nyumba zogwiriramo nchito. Anali kuphwanya mwala wofiira ndi zophulitsa, koma atafika pakati pa kaphiriko anapeza dothi la mtundu wina, looneka kuti linathiridwa ndi kutsenderedwa ndi manja a anthu. Akulu ao ena anakaikira, napita kukauza a boma. Poyamba sanamvedwe. Anabwereza kangapo, kufikira akatswiri ofukula zinthu zakale anafika mu March 1978 natsimikiza kuti pansi pa kaphiriko panali manda aakulu.

Mu May caka comweco anacotsa dothi, miyala ndi makala, nanyamula ndi makina mitengo ikuluikulu imene inafolera mandawo. Pansi pace panali madzi okhaokha ngati dziwe, ndipo mabokosi ena a maliro anali kuyandama pamwamba. Anayamba kupopa madziwo pang'onopang'ono, kuopa kugwetsa za m'kati. Madzi atatsika kunaoneka mitanda ya matabwa, ndipo pa mitandapo panali mabelu, mzere pamwamba pa mzere unzace, ambiri ali cipacikire monga anawasiyira oika maliro zaka zoposa 2,400 zapitazo.

Mwini manda anali Yi, mfumu ya kadziko kochedwa Zeng, kamene kanali kudalira ufumu waukulu wa Chu. Mafupa ace aonetsa kuti anamwalira ali ndi zaka pafupifupi 45. Malembo a pa belu lina, limene linali mphatso ya mfumu ya Chu, achula caka cimene lero ciwerengedwa kuti 433 Kristu asanabadwe. Awerengi akumbukire kuti zaka za nthawi imeneyo ziwerengedwa cobwerera, kotero kuti 433 ndi kale kuposa 210.

Mabelu onse pamodzi ndi 65, oyengedwa ndi mkuwa wosanganiza ndi tini. Kulemera kwao kupitirira makilogiramu 2,500, ndiko kunena matumba 50 a cimanga a makilogiramu 50 lirilonse. Lalikulu koposa ndi lalitali mita imodzi ndi theka ndipo lilemera makilogiramu 203, pamene laling'ono ngakhale mwana angathe kulinyamula. Alibe kacitsulo kolendewera m'kati monga belu la ku chalichi. Ang'onoang'ono aimbidwa pomenyedwa kunja ndi tinyundo ta mtengo, ndipo aakulu a mzere wa pansi agundidwa ndi mitengo iwiri yaitali yonga minsi.

Codabwitsa ca mabeluwa ndi cakuti lirilonse liri ndi mau awiri. Silozungulira ngati mphika, koma lophwatalala pang'ono monga zikhatho ziwiri zophatikizidwa. Likamenyedwa pakati lilira mau ena, likamenyedwa cam'mbali lilira mau ena okwererapo. Amisiri analemba pa mabeluwo maina a mau amenewo, ndiponso maina amene anthu a maiko oyandikana nao anali kuchulira mau omwewo, kotero kuti mabelu a Yi ali ngati buku la maphunziro a nyimbo lolembedwa pa mkuwa. Pa 1 August 1978 anawaimba pamaso pa khamu la anthu, ndipo analira bwino lomwe. Lero asungidwa m'nyumba ya zinthu zakale mumzinda wa Wuhan, kumene alendo amva nyimbo zoimbidwa pa mabelu ena oyengedwa motsanzira akalewo.

Mitanda yopacikapo mabelu inasenzedwa ndi zifanizo 6 za anthu, nazonso zamkuwa, zobvala mikanjo ndi malupanga m'ciuno, manja ali m'mwamba. Zinasenza katundu ameneyu pa mitu ndi pa zikhatho kuyambira tsiku la maliro osamgwetsa. Panapezekanso kabokosi ka mtengo kosemedwa ngati bakha, ndipo pa nthiti yace pali cithunzi ca woimba alikugunda belu ndi mtengo wautali. Kabakha kameneka ndiko kanathandiza akatswiri kudziwa nchito ya minsi ija.

Mandawo anagawidwa zipinda zinai monga nyumba ya mfumu. Ca pakati cinali bwalo la madyerero. Munali mabelu aja, miyala 32 yosemedwa yolira ngati ulimba, ng'oma yaikulu yoimikidwa pa mtengo, zoimbira za zingwe 25 zochedwa se, zofananako ndi bangwe koma zazikulu kwambiri, zitoliro za nsungwi, ndi zitoliro zina zolowetsedwa zambiri m'cikho cimodzi, pamodzi ndi mitsuko ya mowa. Ca kumpoto cinali nkhokwe ya zida za nkhondo. Ca kum'mawa ndimo munagona mfumu. Zoimbira zonse za m'mandamo zipitirira 120. M'munsi mwa makoma olekanitsa zipinda anasiyamo timakomo tating'ono, ndipo akatswiri aganiza kuti tinali njira za mizimu.

Kwa Machaina akale imfa sinali kucotsa munthu pa udindo wace. Mfumu ikafa inali mfumube, ndipo inayenera kudya, kumwa, kulandira alendo ndi kupereka nsembe kwa makolo ace monga inali kucitira iri moyo. Nsembe yotere sinali kuperekedwa popanda nyimbo. Mabelu ndi miyala yolira zinalinso cizindikiro ca ukulu wa munthu. Mabuku a miyambo anena kuti mfumu ya dziko lonse inali kuzipacika mbali zinai za bwalo, mafumu a pansi pace mbali zitatu, nduna mbali ziwiri, ndipo anthu aulemu ocepera mbali imodzi. M'manda a Yi mabelu anatenga mbali ziwiri ndipo miyala mbali yacitatu, molingana ndi ukulu wace.

ATSIKANA 21

Komatu mabelu saimba okha. Kuti alire onse pafunika anthu ngati asanu, osawerengera a ng'oma, a zingwe, a zitoliro ndi obvina. M'cipinda ca kumadzulo ofukula anapeza mabokosi a maliro 13, ndipo m'ca kum'mawa, pambali pa mfumu, mabokosi 8 ndi kabokosi ka galu. Onse 21 anali a akazi. Opima mafupa anapeza kuti wamng'ono anali wa zaka ngati 13, ndipo wamkulu wa zaka ngati 25. Atsikana a misinkhu yotere sangafe onse imfa ya Mulungu pa nthawi imodzi ndi mbuye wao. Anafa cifukwa anasankhidwa kuti amperekeze.

Akatswiri ambiri aganiza kuti a kumadzulo anali oimba ndi obvina a pa bwalo la mfumu, ndipo a kum'mawa anali adzakazi ndi akazi ace ang'ono. Aliyense anaikidwa mwaulemu, m'bokosi lacelace lopaka utoto, pamodzi ndi zipeso ndi tozikometsera tocepa. Dzina la Yi linalembedwa koposa ka 200 pa zinthu zamkuwa za m'mandamo, koma atsikanawo adziwika ndi manambala amene ofukula anapatsa mabokosi ao. Ngati akatswiriwo alondola, ndiye kuti mwana wa zaka 13 amene anali ndi khutu lakuthwa ndi mapazi opepuka anafikitsidwa kumanda ndi luso lace lomwe, pamene mnzace wosatha kubvina anatsala nakalamba. Munthu woyamikira mabelu a Leigudun ayenera kuwerengera pamodzi ndi mtengo umenewu.

Yi sanali woipa kuposa mafumu anzace, ndipo 21 cinali ciwerengero cocepa. M'manda a mafumu a Shang ku Anyang, a zaka zoposa 3,000 zapitazo, mwapezeka mafupa a operekeza oculuka koposa. Mbiri yolembedwa inena kuti mfumu Mu ya dziko la Qin itamwalira m'caka ca 621 Kristu asanabadwe, anthu 177 anaikidwa nayo. Pakati pao panali amuna atatu apacibale amene anthu anali kuwakonda, ndipo anawalira ndi nyimbo imene ikali kuwerengedwa kufikira lero.

Otsutsa analipo. Mphunzitsi Mozi, amene anakhala moyo m'nthawi imodzi ndi Yi, anadana ndi maliro oonongetsa cuma ndiponso nyimbo za mafumu. Maganizo ace anali a munthu wodziwa khasu. Anati mabelu ayengedwa ndi msonkho wa anthu wamba, koma sadyetsa wanjala, sabveka wausiwa, sapumitsa wotopa. Anatinso nkhalamba sizingathe kuwaimba bwino, kotero mafumu atenga anyamata amphamvu kuwacotsa ku minda ndi atsikana kuwacotsa pa nchito yoomba nsalu. Mau ace sanamveke msanga m'nyumba za mafumu.

Cimene cinayamba kusintha zinthu ndi nchito ya osema ndi oumba. Kuyambira kale anthu anali kuika m'manda tianthu tomanga ndi udzu. Pambuyo pace anayamba kusema ta mtengo ndi kuumba ta dothi, tokhala ndi nkhope, manja ndi zobvala. Ku Zhangqiu m'cigawo ca Shandong, m'caka ca 1990, kunafukulidwa tizifanizo ta dothi toposa 20, tosafika masentimita 10 kutalika, tina tilikubvina, tina tilikuimba ng'oma, mabelu ndi zingwe. Tinapezeka m'dzenje la mkazi amene iye mwini anali woperekeza mbuye wace. Izi zionetsa kuti kwa nthawi yaitali miyambo iwiriyi inali kuyendera pamodzi, oimba a dothi ndi operekeza enieni m'manda amodzi.

Mphunzitsi wamkulu Confucius, amene anamwalira m'caka ca 479 Kristu asanabadwe, sanakondwere nazo zifanizo zimenezi. Mencius, wotsatira ziphunzitso zace, asimba kuti Confucius anatemberera munthu amene anayamba kuzisema, cifukwa zinafanana kwambiri ndi anthu. Mabuku a miyambo aonjeza kuti ta udzu tija anatibvomera. Mantha ace anali akuti wozolowera kukwirira cinthu ca nkhope ya munthu sadzaopa kukwirira munthu. Mtima wace unali wabwino, koma makasu a ofukula aonetsa kuti kukwirira anthu ndiko kunayamba, zifanizo zinabwera pambuyo, ndipo pamene zifanizo zinaculuka operekeza anacepa. M'caka ca 384 Kristu asanabadwe mfumu Xian ya Qin, dziko lomwe lija la anthu 177, inaletsa mwambo wa operekeza.

Mdzukulu wa mafumu a Qin amenewa ndiye Qin Shi Huang, amene anagwirizanitsa China pansi pa ufumu umodzi namwalira m'caka ca 210 Kristu asanabadwe. Za asilikali ace a dothi ambiri anamva. Anapezedwa mu March 1974 ndi alimi okumba citsime pafupi ndi mzinda wa Xi'an, ndipo ayerekezedwa kuti ndi pafupifupi 8,000, aliyense wa msinkhu wa munthu. Cosadziwika kwambiri ndi dzenje lina lopezeka m'caka ca 2000, lokonzedwa ngati gombe la mtsinje. M'menemo munali mbalame za m'madzi 46 zamkuwa ndi anthu a dothi 15, ena ogwada, ena okhala cotambalala manja ali patsogolo. Akatswiri ambiri awayesa oimba amene zoimbira zao za mtengo zinaola. Ngakhale mfumuyi inali ndi anthu a dothi ocuruka cotero, wolemba mbiri Sima Qian anena kuti akazi ace osabala ana anaphedwa kuti aiperekeze, ndipo amisiri odziwa zinsinsi za mandawo anatsekeredwa m'kati.

OIMBA A MTENGO NDI A DOTHI

Mu ufumu wotsatira, wa Han, umene unalamulira zaka pafupifupi 400 kufikira caka ca 220, zifanizo zinapambana. Umboni wace wokoma uli ku Mawangdui, mumzinda wa Changsha, kumene m'caka ca 1972 kunafukulidwa manda a amai Xin Zhui, akazi a nduna yaikulu Li Cang. Anamwalira patapita zaka zocepa kucokera mu 168 Kristu asanabadwe. Manda ao anakutidwa ndi makala ndi dothi loyera mwakuti thupi linapezeka losaola, khungu likali lofewa, ndipo m'mimba munali njere za vwende zoposa 130. Amaiwa anali olemera, ndipo anapita ndi anchito 162, onse a mtengo. Cipinda cina cinakonzedwa ngati malo odyerapo, ndi mbale za cakudya ndi cotsamira. Patsogolo pace panagwada oimba asanu, otalika ngati mkono wa munthu, obvala mikanjo yolembedwa ndi utoto. Atatu aweramira zoimbira zao za zingwe, zala ziri pamwamba, ndipo awiri agwira zitoliro pakamwa. Pambali pao pali obvina obvekedwa nsalu zenizeni za silika. M'manda amenewa munalibe mtembo wina koma wa mwini wace yekha.

Anthu ophunzira anali atapeza kale maganizo oyenera mwambo watsopanowu. Mphunzitsi Xunzi anafotokoza kuti zinthu za akufa ziyenera kuoneka ngati za amoyo koma zosagwira nchito: zingwe zomangidwa koma zosacunidwa, zitoliro zokwanira koma zosagwirizana mau, galeta lopanda akavalo. Mabuku a miyambo apereka cifukwa cace. Kucitira wakufa ngati watheratu ndi kuuma mtima, ndipo kumcitira ngati akali moyo ndi kupusa, tsono cifanizo ciima pakati pa ziwirizi. Woimba wa mtengo aonetsa kuti ana sanaiwale zimene mai ao anali kukonda, ndipo palibe mwana wa mwini amene ataya moyo.

Pamenepa pali cinthu cimene cingadabwitse awerengi ozolowera ng'oma ndi nyimbo usiku wonse pa maliro. Ku China wakale wakufa anali kupatsidwa oimba, koma amoyo anali kuletsedwa nyimbo. Mwana wolira atate kapena amai ace anayenera kusala nyimbo kufikira caka cacitatu, kubvala ciguduli ndi kudya phala lopanda ndiwo. Za Confucius zinenedwa kuti tsiku limene analira maliro sanali kuimba. Nyimbo zimene zinaloledwa pa njira ya kumanda ndi za okoka zingwe za ngolo ya maliro, zoimbidwa molandizana kuti akoke pamodzi. Ziwiri za nthawi ya Han zikumbukikabe. Ina iyerekeza moyo wa munthu ndi mame a pa tsamba, ndipo olemba akale anena kuti imeneyo inali yoperekezera mafumu ndi olemekezeka, pamene inzace inali ya nduna zazing'ono ndi anthu wamba.

Lamulo ndi macitidwe a anthu sizinali kufanana nthawi zonse. Pa msonkhano wa akulu a boma ndi ophunzira wa m'caka ca 81 Kristu asanabadwe, ophunzira anadandaula kuti anthu a masiku ao asandutsa maliro malo ofunirako mowa ndi nyama, nakhala pansi kuyembekeza kuti anamfedwa awaitanire oimba, obvina ndi oseketsa. Dandaulo limeneli si lacilendo m'makutu a aliyense amene anaphikirapo khamu pa siwa.

Mmodzi wa oseketsa amenewa ndiye cifanizo cokondedwa koposa ca nthawi ya Han. Anapezeka m'caka ca 1957 m'manda osemedwa m'thanthwe ku Tianhuishan, pafupi ndi mzinda wa Chengdu m'cigawo ca Sichuan, ndipo lero ali m'nyumba yaikulu ya zinthu zakale ku Beijing. Ndi wa dothi, wotalika masentimita 56. Ndi mwamuna wamfupi, wa mimba yolendewera, wopanda malaya, wosabvala nsapato, wa buluku lotaya ndi kansalu kumutu. Wakhala pa kampando kozungulira. M'khwapa mwa kumanzere wapanira kang'oma, dzanja lamanja liri m'mwamba ndi kamtengo koimbira, ndipo phazi limodzi walitukula mwakuti kuphazi kuoneka. Pakamwa pali yasa ndi kuseka, maso atsinzinika, mphumi yacita makwinya. Woumba anamgwira pa kamphindi kamene nthano yafika pokoma, ng'oma isanalire. Anthu a nchito yace anali kusimba nkhani moimba ndi moseketsa m'nyumba za olemera, ndipo ambiri a iwo anali afupiafupi obadwa cotero, amene anali kudya cifukwa ca kusekedwa. Mnzace wina, woimirira, wopotoza ciuno ndi kutulutsa lilime, anapezeka ku Pixian m'caka ca 1963.

Wa kang'omayu sanapezeke m'manda a mfumu. Sichuan linali dziko la mpunga ndi mcere, ndipo mabanja opeza bwino a kumeneko anali kugula zifanizo kwa oumba, amene anali kuzitulutsa zambirimbiri m'zikombole. M'manda ao mupezeka timinda ta mpunga ta dothi tokhala ndi ngalande ndi dziwe la nsomba, zitsime, nkhokwe, nkhumba, nkhuku ndi anapiye ace, galu wa pa khomo, wophika alikutumbula nsomba, ndi mlimi wagwira fosholo. Pakati pa zonsezi pakhala woimba zingwe, woliza citoliro ndi woseketsa. Anthu amenewa anaona kuti munthu akakhuta asowabe nyimbo ndi phwete, ngakhale kutsidya la manda. Cimene Yi anacipeza ndi matani a mkuwa ndi miyoyo 21, mwini munda wa ku Sichuan anali kucipeza ndi ndalama za pa msika.

Mu ufumu wa Tang, wa zaka za 618 kufikira 907, oumba anafika pa cimace pa luso. Anali kupaka zifanizo mankhwala onyezimira a mitundu itatu kapena inai, wacikasu, wobiriwira, woyera ndi wabuluu, oyenderera pootcha. M'manda a mkulu wa asilikali Xianyu Tinghui, amene anaikidwa m'caka ca 723 pafupi ndi Xi'an, munapezeka ngamila ya dothi yosenza thandala, ndipo pa thandalapo amuna asanu, anai okhala pansi kuimba ndi mmodzi woimirira pakati. Atatu a iwo ndi a ndebvu zambiri ndi mphuno zazitali, alendo ocokera ku maiko a kumadzulo amene anali kubwera ndi amalonda a silika, ndipo nyimbo zao zinachuka mumzinda wa mfumu. Ngamila yeniyeni singayende ndi gulu lotere pa msana, koma dothi silidandaula.

Pa nthawiyi bvuto linakhala lina. Zifanizo zinasanduka cionetsero. Pa tsiku la maliro zinali kunyamulidwa poyera m'miseu kuti anthu aone kulemera kwa banja, ndipo m'caka ca 712 nduna ina inalembera mfumu kudandaula kuti mabanja alikutha cuma cao popikisana, ndi kuti anthu wamba ayamba kutsanzira akulu. M'caka ca 741 boma linacepetsa ciwerengero cololedwa. Nduna zapamwamba zinatsitsidwa kucoka pa zinthu 90 kufika pa 70, zapakati kucoka pa 70 kufika pa 40, zazing'ono kucoka pa 40 kufika pa 20, ndipo anthu wamba analoledwa 15. M'zaka mazana otsatira mabanja ambiri anatembenukira ku anchito, akavalo ndi nyumba za pepala, zotenthedwa pa manda kuti utsi uzifikitse kwa mwini.

KALATA IMENE INACEDWA

Munthu angayese kuti nkhani ya operekeza inathera pamenepo, koma inabweranso. Hongwu, amene anayambitsa ufumu wa Ming, atamwalira m'caka ca 1398, akazi ace ang'ono makumi angapo anafa naye, ndipo ana ndi adzukulu ace anatsata mwambowo. Sikuti osema anali atasowa. M'manda a mwana wace Zhu Tan, amene anamwalira m'caka ca 1389, munapezeka zifanizo za mtengo pafupifupi 400 zofola pa mzere, pakati pao oimba ng'oma ndi zitoliro. Zifanizo zinalipo zokwanira, koma banja lacifumu linafunabe anthu.

Mdzukulu wina wa Hongwu, Zhu Youdun, amene anali kukhala ku Kaifeng, anali katswiri wa nyimbo ndipo analemba masewero oimba pafupifupi 30. Analibe mwana wamwamuna. Asanamwalire anapempha mfumu kuti maliro ace adzakhale osaonongetsa cuma, kuti akazi ace asadzamperekeze, ndi kuti acitsikana okhala ndi makolo adzabwezedwe kwao. Anamwalira m'caka ca 1439. Mfumu Yingzong, imene pa nthawiyo inali mnyamata wa zaka ngati 12, inatumiza kalata kwa mng'ono wa malemuyo yobvomereza pempholo. Pamene kalatayo inafika, mkazi wamkulu ndi akazi ang'ono 6 anali atafa kale. Boma linangowapatsa maina aulemu.

Yingzong yemweyo, ali pa mphasa ya imfa m'caka ca 1464, analamula kuti pasakhale munthu womperekeza, ndi kuti ana ndi adzukulu ace asadzacitenso. Akazi ace anatsala ndi moyo, ndipo mafumu a Ming otsatira anasunga mau ace. Ufumu wa Qing utalowa m'malo, mwambowo unaonekanso pakati pa akulu ace, ndipo mfumu Kangxi inauletsa m'caka ca 1673, patapita zaka zoposa 2,100 ciikidwire atsikana a ku Leigudun.